Malasha, Damu ndi Madimba: Kodi Zambezi Atumikire Ndani?

Malire a Malawi ndi Mozambique pakati pa Mwanza ndi Zóbuè anawalemba motsata msana wa mapiri. Mvula ikagwa pamenepo imagawikana pawiri. Madzi ena amatsetsereka chakummawa kukathira mu Shire. Ena amalowera chakumadzulo kudzera m'timitsinje tokathira mu Revúbuè, mtsinje wochokera ku mapiri a Angónia umene umadula boma la Moatize n'kukalowa mu Zambezi kumunsi pang'ono kwa mzinda wa Tete. Madzi ogawikanawa amakakumananso kumunsi kwa Mutarara, kumene Shire naye amathira mu Zambezi. Choncho mlimi wa ku Zóbuè, woumba njerwa wa ku Moatize ndi msodzi wa ku Nsanje ndi anthu a chigwa chimodzi, ngakhale ziphaso zawo zili zosiyana.

Chigwa chimenechi chimakhudza mayiko asanu ndi atatu: Angola, Zambia, Namibia, Botswana, Zimbabwe, Tanzania, Malawi ndi Mozambique. Mu 2004, ku Kasane m'dziko la Botswana, kunasainidwa pangano lokhazikitsa bungwe la ZAMCOM kuti mayikowa azigawana madziwa mwachilungamo ndi kuwasamala. Kulonjeza n'kosavuta, koma ku Tete ndiko lonjezolo likuyesedwa. M'chigawo chimodzi chomwechi muli damu la Cahora Bassa, migodi ya malasha ya Moatize, ndi malo otchedwa Mphanda Nkuwa pamene boma likufuna kumanga damu lina. Mtsutso wake ndi uwu: kodi ntchito zimenezi zipitirire pa liwiro lomweli, zowonongekazo n'kumakonzedwa m'njira, kapena mtsinje ndi anthu okhala m'mbali mwake ayambe atetezedwa kaye? Mbali zonse ziwiri zili ndi anthu anzeru ndi okonda kwawo, ndipo ndi bwino kuzimvetsera mpaka zitamaliza kulankhula.

Mbali yoyamba: umphawi susunga mtsinje

Ofuna kuti ntchito zipitirire amayamba ndi kutikumbutsa kumene Tete wachokera. Pamene nkhondo ya pachiweniweni inkatha mu 1992, njanji ya ku Sena, imene inafika ku Moatize mu 1949, inali itafa. Nsanamira za magetsi zochokera ku Cahora Bassa zinali zitagwetsedwa, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique anali atathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera ku Tete konkuno. Mnyamata wa ku Moatize analibe kolowera kupatula ganyu kapena ulendo wa ku Joni. Kampani ya Vale ya ku Brazil itapambana chilolezo mu 2004 n'kutumiza malasha oyamba ku Beira mu 2011, zinthu zinasintha mooneka ndi maso. Kunabwera ntchito za madalaivala, amakaniko, owotcherera zitsulo, alonda ndi ophika. Mlatho wa Kassuende wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 2014 kuti upeputse wa Samora Machel. Mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato za ku Angónia ndi Tsangano, komanso mbuzi zotchuka za ku Tete, zinapeza msika wa anthu olandira pakutha pa mwezi. Lero malasha ali m'gulu la katundu wobweretsera Mozambique ndalama zakunja zochuluka, ndipo ndalama zimenezo ndizo zimagula mafuta ndi mankhwala.

Amatchulanso njanji ya makilomita 912 yochokera ku Moatize, yodutsa ku Mwanza ndi Neno, kukalumikiza pa Nkaya, n'kupitirira ku Liwonde ndi Nayuchi mpaka ku gombe la Nacala. Palibe amene akanaimanga kapena kuikonza chifukwa cha chimanga ndi nandolo. Anaimangira malasha, koma imatha kunyamulanso feteleza, mafuta ndi tirigu wa Amalawi, ndipo idzakhalapobe malasha atatha.

Mfundo imene amaikonda koposa ndi ya magetsi. Damu la Cahora Bassa, limene linatsekedwa mu 1974, lili ndi mphamvu yopanga mamegawati 2,075, ndipo kuyambira mu 2007 gawo lalikulu la kampani yoliyendetsa lili m'manja mwa Mozambique, osatinso Portugal. La Mphanda Nkuwa, pa makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwake, akuti lidzapanga mamegawati 1,500 ndi nyanja yaing'ono ya masikweya kilomita pafupifupi 100, pamene ya Cahora Bassa imaposa 2,500. Mu Disembala 2023 boma linasaina mgwirizano wa ntchitoyi ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Kwa Amalawi nkhaniyi si yakutali. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo zigayo, zipatala ndi mafakitale zinavutika kwa miyezi yambirimbiri. Mawaya a makilomita 218 ochokera ku Matambo, odutsa chakuno kumalire a Zóbuè ndi Mwanza mpaka ku Phombeya m'boma la Balaka, anakonzedwa kuti Malawi asamadalire Shire yekha. Nanga mawayawo adzanyamula chiyani ngati magetsi sakuonjezeredwa?

Kenako amati tiyende pamsewu wochokera ku Zóbuè kutsikira ku Moatize tikaone chimene chikumaliza nkhalango. M'mbali mwa msewu mwaima matumba a makala, kukamwa kwake atalukirako timitengo ndi luzi kuti thumba litalike. Bambo akukankha njinga yosenza matumba atatu pachitunda, thukuta lili kamukamu, ndipo kuseri kwa phiri utsi wa uvuni ukufuka pamene panali tsanya ndi masuku. Bambo ameneyu sadana ndi mitengo. Alibe ntchito ina, ndipo a m'tauni alibe chophikira china. Phiri likayera, mvula imakokolola dothi n'kukalisiya mu Revúbuè. Choncho, iwo amati, adani enieni a mtsinje ndi umphawi ndi mdima, ndipo mankhwala ake ndi ntchito ndi magetsi. Fumbi ndi kusamutsa anthu n'zowawa ndithu, koma walira mvula walira matope. Mayiko amene lero akutiletsa malasha anatukuka powotcha malasha omwewo kwa zaka zoposa 150, pamene utsi wa Mozambique ndi Malawi ndi wochepa zedi poyerekeza ndi wawo.

Mbali yachiwiri: matopewo akuponda ndani?

Otsutsa amavomera kuti mwambiwo ndi woona, koma amafunsa kuti analira mvula ndani, ndipo akuponda matope ndani. Pakati pa 2009 ndi 2010, Vale inasamutsa mabanja 1,365 a ku Chipanga, Mithethe, Malabwe ndi Bagamoyo. Oposa 700 anawapititsa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tauni ya Moatize, ndipo ena anawaika ku 25 de Setembro m'tauni momwemo.

Kuti timvetse chimene anthuwa anataya, tiyenera kudziwa ntchito ya dimba la m'mbali mwa mtsinje m'dziko lotentha ngati Tete, kumene mvula imagwa mochepa ndi mosadalirika. Madzi akaphwa dzinja litatha, amasiya matope akuda onyowa. Mayi amabzalamo chimanga chachiwiri, mbatata, maungu, nyemba ndi therere popanda feteleza. Akafukula mchenga ndi manja, madzi akumwa atuluka. Bango la mphasa ndi dongo la njerwa zili pomwepo, ana akuwedza nsomba za ndiwo, ndipo kumsika n'koyenda wapansi. Munda wa kumtunda ukapsa ndi dzuwa, banja limapulumukira kudimba. Nyumba ya malata, ngakhale ikongole bwanji, siingalowe m'malo mwa zimenezi.

Ku Cateme banja lililonse linalonjezedwa mahekitala awiri, koma ambiri analandira imodzi, ndipo minda ina inali yamiyala. Nyumba zinayamba kung'aluka pasanapite nthawi. Mu Januwale 2012 anthu mazanamazana anakatseka njanji, apolisi n'kuwabalalitsa ndi mphamvu. Anthu a ku Capanga, amene anachotsedwa pa malo a mgodi wa Benga pafupi ndi mathiriro a Revúbuè, anapezeka ku Mualadzi akudikira madzi obwera pa galimoto. Bungwe la Human Rights Watch linalemba za mavutowa mu 2013, chaka chomwe oumba njerwa a ku Moatize anatseka njira za kumgodi podandaula za chipukuta misozi cha mauvuni awo.

Otsala m'tauni nawo sanapume. Migodi ya Moatize ndi yapamtunda: amaphulitsa thanthwe n'kukumba maenje aakulu. Mu Okutobala 2018 anthu a ku Bagamoyo analowa mumgodi n'kuimitsa ntchito chifukwa cha fumbi ndi kugwedezeka kwa nyumba, ndipo mu 2024 madandaulo omwewo anabukanso. Amayi a kumeneko amati ufa ukayanikidwa pamphasa umada, zovala pachingwe chimodzimodzi. Chimene chatera pa ufa chateranso m'chifuwa cha mwana, ndipo mvula ikagwa imatsuka fumbi lomwelo n'kutsikira nalo ku mtsinje wa Moatize, kenako Revúbuè, kenako Zambezi.

Nanga eni migodiwo amakhalitsa? Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale mu 2011 pa mtengo woposa madola 3.5 biliyoni a ku America, n'kugulitsa migodi ya kampaniyo mu 2014 kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Vale nayo mu 2022 inasiyira kampani ya Vulcan mgodi ndi njanji pa madola 270 miliyoni. Mlendo ndi mame. Zimene sizisamuka ndi maenje, milu ya miyala, ndi midzi ya Cateme ndi Mualadzi.

Pa za madamu, otsutsa amati tione zimene Kariba, amene anamalizidwa kumangidwa mu 1959, ndi Cahora Bassa anachita kale. Zambezi wakale ankasefukira chaka ndi chaka pa nyengo yodziwika, n'kumwaza chonde m'zigwa. Madamu awiriwa anasokoneza nyengo ya madziyo ndi kugwira matope. Kumathiriro, madambo a Marromeu kumene kumakhala njati anayamba kuuma, ndipo akatswiri akhala akunena kuti kusintha kwa madzi kunakhudza nsomba ndi camarão (tinkhanu ta m'nyanja) za ku gombe la Sofala, zimene Mozambique amagulitsa kunja. Mphanda Nkuwa adzagwiranso matope a mtsinje wa Luia, umene ukubweretsabe chonde kumunsi kwa Cahora Bassa. Ndipo ngati damulo lizidzatulutsa madzi ochuluka pa maola amene magetsi akufunika kwambiri n'kuwachepetsa pa maola ena, eni madimba ndi mabwato a kumunsi azidzaona mtsinje ukukwera ndi kutsika tsiku lililonse. Bungwe la Justiça Ambiental, limene lakhala likutsutsa damuli kwa zaka zambiri, limati mabanja oposa 1,400 ndiwo angasamutsidwe.

Amafunsanso kuti magetsiwo ndi a yani. Gawo lalikulu la magetsi a Cahora Bassa limayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo, pafupi ndi Johannesburg, pamene midzi yambiri ya ku Tete ikuunikabe ndi tochi. Komanso nyengo yasintha. Chilala cha 2024 chinaphwetsa Kariba mpaka anthu a ku Lusaka ankalandira magetsi kwa maola ochepa okha pa tsiku. Mbali ina, madzi a Revúbuè anawononga mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize mu 2019, n'kuugwetsa mu Januwale 2022. Kuikanso mabiliyoni pa mtsinje womwewo, iwo amati, n'kudalira chinthu chimene chayamba kale kutikhumudwitsa, pamene dzuwa la ku Tete likungowotcha miyala.

Pamene mbali iliyonse ikutsimphina

A mbali yoyamba amalankhula ngati magetsi akangochuluka, uvuni wa makala uzima wokha. Koma mawaya akuluakulu odutsa pamwamba pa mudzi sayatsa babu la m'mudzimo; pamafunika mawaya ang'onoang'ono, thiransifoma ndi mtengo umene munthu wamba angakwanitse. Ku Tete, ku Blantyre ndi ku Lilongwe, nyumba zambiri zokhala ndi magetsi zimaphikabe nyemba pa mbaula. Ndipo mawu akuti tidzakonza m'njira ndi amene anabala Cateme. Khoma long'aluka limamatika, koma dimba lokwiririka ndi miyala ya kumgodi silibwerera.

A mbali yachiwiri nawo sayankha mokwanira funso la mnyamata amene watsiriza sukulu ku Moatize n'kusowa ntchito. Kukana kokha sikuphika nsima. Zambezi wa makolo athu sadzabweranso, chifukwa Kariba ndi Cahora Bassa sizigwetsedwa. Magetsi a dzuwa ndi abwino, koma usiku amafuna mnzake wowathandiza, ndipo damu limaigwira bwino ntchito imeneyo. Komanso si makampani okha amene akuvulaza mtsinje. Ife tomwe timalima mpaka m'mphepete mwenimweni, timatentha tchire posaka mbewa, timadula mitengo ya kumagwero. Tizikumbukiranso kuti ambiri mwa amene anatseka njanji ankafuna kuti malonjezo akwaniritsidwe, osati kuti dera lawo libwerere mwakale.

Kumene ine ndaima

Ine ndikuona kuti mtsutsowu umasokonekera chifukwa timaika malasha ndi damu m'dengu limodzi, pamene zinthuzi n'zosiyana. Malasha amatha, msika wake ukunka nuchepa pamene mayiko akuchoka ku utsi, ndipo eni ake asinthana kale kangapo. Mtsinje sutha ngati tiusamala, ndipo ndiwo udzadyetsa zidzukulu za ku Moatize pamene sitima yomaliza ya malasha idzakhale itapita. Chinthu chosakhalitsa chisaloledwe kuwononga chokhalitsa.

Choncho pa malasha, migodi imene ilipo igwire ntchito, koma isasunthirenso kufupi ndi nyumba za anthu kapena m'mphepete mwa Revúbuè. Fumbi ndi madzi ziziyezedwa ndi anthu osalipidwa ndi kampani, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa pa wailesi m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja. Ndalama zodzakwiririra maenje ndi kubwezeretsa nthaka zizisungidwa m'dziko momwemo chaka ndi chaka, kuti mwini mgodi akadzachoka asadzachoke nazo. Kuyambira mu 2013 pali dongosolo loti 2.75 peresenti ya msonkho wa migodi izibwerera kumadera kumene akukumbako. Anthu a ku Cateme, Mualadzi ndi Bagamoyo ali ndi ufulu wodziwa kuti yafika ndalama zingati, ndiponso wosankha okha chimene igwire.

Pa damu, sindikunena kuti ayi mpaka kalekale, chifukwa magetsi tikuwafunadi, ku Tete ndi ku Malawi komwe. Ndikunena kuti inde wake abwere pambuyo pa zinthu zinayi. Wochotsedwa m'mbali mwa mtsinje apatsidwe malo a m'mbali mwa madzi, awaone ndi maso ake, avomere asanagwetse nyumba yake. Katulutsidwe ka madzi ka Kariba, Cahora Bassa ndi Mphanda Nkuwa kagwirizanitsidwe kudzera ku ZAMCOM, kuti chaka chilichonse kuzikhala kusefukira kochepa kodziwika nthawi yake, kothirira madambo a kumunsi. Gawo la magetsiwo lilembedwe m'pangano kuti ndi la maboma a Marara, Chiúta, Moatize ndi anzawo, pa mtengo woti mayi angaphikire. Ndipo gawo la phindu lipite kumagwero, kumapiri a Zóbuè, Tsangano ndi Angónia, kukalipira midzi imene ikusunga nkhalango ndi kulera zitsa kuti ziphukenso. Mafumu a mbali zonse ziwiri za malire, amene anthu awo amakwatirana ndi kuikirana maliro, angathe kupangana malamulo amodzi a makala ndi moto wa tchire, popeza phiri ndi limodzi.

Wina anganene kuti boma losauka silingaikire malire makampani olemera chonchi. Koma zinachitikapo. Rio Tinto itafuna kumayendetsa malasha pa zombo mu Zambezi mpaka kunyanja, boma la Mozambique linakana mu 2012 poteteza mtsinje. M'chaka chomwecho, anthu a ku Cateme atatseka njanji, kunatuluka lamulo loyendetsa kasamutsidwe ka anthu pa ntchito za chuma. Mphamvu yokana ndi yoika malamulo ilipo. Chimene chimachedwa ndi kuigwiritsa ntchito anthu asanalire.

Mabanja a ku Mphanda Nkuwa akumva nkhani za ku Cateme kuchokera kwa abale awo, ndipo sadzakhulupirira lonjezo latsopano pamene lakale likadali ndi ngongole. Boma ndi makampani akafuna kuti anthu a m'chigwachi alandire damulo ndi manja awiri, ayambe amaliza za minda, madzi ndi nyumba za ku Cateme ndi Mualadzi, ndi kuthetsa fumbi la ku Bagamoyo, thumba loyamba la simenti lisanatsitsidwe pa Mphanda Nkuwa.